Nyumba imene mwana sauzidwa kuti “Usagwire”

Pali mawu amene bambo ameneyu ankawatchula kawirikawiri kuposa ena onse polankhula ndi ana ake. Mawuwo ndi akuti, “Usagwire!” Ankawanena m’sitolo, ankawanena m’sitima, ankawanenanso m’kanyumba kawo ka lendi mumzinda wa Tsukuba, m’dziko la Japan, kumene anapita kukachita maphunziro a ulimi wothirira. Kwawo ku Malawi iye anali mlangizi wa zaulimi, munthu wodziwika ndi kusamala zinthu. Koma atafika m’dziko la eni, kusamala kuja kunasanduka mantha. Katundu aliyense ankaoneka wodula, makoma a nyumba anali opyapyala moti phokoso linkamveka kwa oyandikana nawo, ndipo iye sankafuna kuti wina anene kuti ana a mlendo ndi osaleredwa bwino.

Ana akewo, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 4, anamvera. Anamvera mpaka anasiya kugwira china chilichonse kupatula foni ya mayi awo. Mtsikana akaweruka kusukulu ankangolowa m’nyumba mwakachetechete, ndipo akafunsidwa za kusukuluko ankayankha kuti zili bwino, basi. Mnyamata, amene kumudzi ankaswera kuthamangitsa nkhuku, tsopano ankangokhala pakona maso ali pafoni. Bamboyo ankaona ngati umenewo ndiwo mwambo. Mkazi wake ndiye anaona zina.

“Bambo, ana awa akufota ngati mbande za pamthunzi,” anatero usiku wina m’mwezi wa November, chaka cha 2023. “Mayi woyandikana nafe wandiuza za nyumba ya zoseweretsa ku Tokyo. Loweruka likubwerali mupite nawo. Ine nditsala.”

“Ndipite nawo ndekha, mayi?”

“Nokha. Kodi si ana anu?”

Bamboyo anasowa choyankha. Anazindikira kuti chifikire m’dzikomo anali asanakhalepo ndi anawo tsiku lathunthu mayi awo palibe.

Sukulu imene inasowa ana

Loweruka m’mawa atatuwo anakwera sitima ya Tsukuba Express, imene imatenga mphindi pafupifupi 45 kukafika ku Akihabara. Kumeneko anasintha sitima mpaka anakatsikira pasiteshoni ya Yotsuya-sanchome, m’dera la Shinjuku, nayenda pansi mphindi zochepa kudutsa m’timisewu ta pakati pa nyumba za anthu. Njira yonse bamboyo ankapereka malamulo: manja kumbuyo, osathamanga, osakweza mawu. Ankakumbukira ali mwana wa sukulu, pamene aphunzitsi anawatengera kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumeneko zinthu zinali kuseri kwa magalasi ndipo maso okha ndiwo ankaloledwa kugwira ntchito.

Atafika pachipata anadabwa kuona kuti malowo akufanana ndi sukulu. Sanalakwitse. Tokyo Toy Museum ili m’nyumba yomwe kale inali sukulu ya pulayimale. Nyumbayo inamangidwa mu 1935 ndipo inapulumuka mabomba amene anatentha gawo lalikulu la mzindawo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chimene nkhondo inalephera kuchita chinachitika chifukwa cha kusowa kwa ana, pakuti sukuluyo inatsekedwa mu 2007. Vuto limeneli lili ponseponse m’dzikomo. Mu 1973 ku Japan kunabadwa ana oposa 2 miliyoni, koma mu 2024 chiwerengerocho sichinakwane 700,000. N’chifukwa chake sukulu za boma pafupifupi 450 zakhala zikutsekedwa chaka ndi chaka.

Anthu a m’deralo sanafune kuti nyumba imene iwo ndi makolo awo anaphunziriramo isanduke bwinja. Choncho anapempha eni a kanyumba ka zoseweretsa ka ku Nakano kuti asamukire m’makalasi opanda anthuwo. Kanyumbako anakatsegula mu 1984 anali mphunzitsi wa zaluso, Shinsaku Tada, amene ankaphunzitsa kuti choseweretsa ndicho luso loyamba limene munthu amakumana nalo pamoyo wake. Mwana wake, Chihiro Tada, ndiye anatsogolera ntchito yosamukayo, ndipo zitseko zinatsegulidwa mu 2008. Ndalama zina zokonzera zipinda anasonkha ndi anthu wamba, ndipo mayina awo analembedwa pa timatabwa timene mlendo amationa pakhoma. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe losagwirira phindu.

Ovala maepuloni ofiira

Atangolowa, mnyamata uja anaima chilili, manja ali kumbuyo monga anauzidwira. Patsogolo pake panali ana ena akugubuduza, akugogoda, akusanja ndi kugwetsa zinthu, ndipo panalibe wowadzudzula. Mayi wina wachikulire wovala epuloni yofiira anagwada pafupi naye, natenga kachidole kamtengo n’kukaika m’dzanja lake. Mwanayo anayang’ana bambo ake, kufunsa ndi maso ngati n’zololedwa. Bamboyo anagwedeza mutu movomera, koma mumtima munali thithithi.

Anthu ovala maepuloni ofiirawa ndiwo msana wa nyumbayi. Ndi odzipereka, alipo oposa 300, ndipo ambiri mwa iwo ndi achikulire amene anapuma pantchito. Asanavale epuloniyo amayamba aphunzira kaye za zoseweretsa ndi za kasewereredwe ka ana. Ntchito yawo si ya ulonda. Iwo amaonetsa m’mene chinthu chimayendera, amayambitsa masewera, kenaka amadzipatula pang’ono kuti mwana ndi kholo lake apitirize okha. M’dziko limene okalamba ambiri amakhala okha ndipo ana ambiri amakula kutali ndi agogo awo, nyumbayi imakumanitsa mibadwo iwiri imene ikusowana.

Zipinda zili m’nsanjika zitatu, ndipo chipinda chilichonse chili ndi ntchito yake. Muli cha makanda osapitirira zaka 2, momwe makolo amakhala pansi pamodzi ndi ana awo. Muli cha masewera a patebulo ofuna kuganiza, cha masewera akale a ku Japan, ndiponso chopangiramo zoseweretsa, momwe ana amadula, amamata ndi kupenta zinthu wamba monga mapepala ndi makapu, n’kupita nazo kwawo zimene apangazo. Zoseweretsa zina zakale ndi zosowa zili m’magalasi ndithu, koma zochuluka zili poyera kudikira manja.

Fungo la nkhalango pakati pa mzinda

Pakhomo la chipinda china anawapempha kuti avule nsapato. Bamboyo ataponda pansi anamva thabwa losalala ndi lofunda, ndipo fungo limene linamulandira linamukumbutsa mkungudza wa m’phiri la Mulanje. Mphuno yake sinamunamize, chifukwa mitengo ya sugi ndi hinoki, imene anthu a ku Japan amamangira nyumba, ndi ya banja limodzi ndi mkungudza. Pakati pa chipindacho panali malo onga dziwe, koma m’malo mwa madzi munali timipira tamtengo zikwizikwi. Mnyamata uja anaviikamo phazi limodzi, kenaka linalo, ndipo posakhalitsa anadzikwirira mpaka m’khosi akuseka. Panali patapita miyezi yambiri bamboyo asanamve kuseka koteroko.

Monga munthu wa zaulimi, iye anafuna kudziwa chifukwa chimene zinthu zambiri m’nyumbamo zinali zamtengo, m’dziko lodziwa kupanga zinthu zapulasitiki ndi zamagetsi. Yankho lake lili m’mbiri ya nkhalango za dzikolo. Magawo awiri mwa atatu a Japan ndi nkhalango, ndipo mahekitala pafupifupi 10 miliyoni a nkhalangozo ndi mitengo yochita kubzala, makamaka itatha nkhondo. Koma kuyambira mu 1964 matabwa a kunja anayamba kulowa mwaufulu ndipo anali otchipa, kotero kuti pofika mu 2002 mitengo ya m’dzikomo inkangokwanira magawo 19 okha pa 100 alionse a matabwa ofunika. Mitengo yobzala ija inasowa woigula, ndipo inasowanso woipatulira. Mlimi aliyense amadziwa chimene chimachitika chimanga chikathithikana paphando. Nkhalango nayonso ikapanda kupatuliridwa mitengo imaonda, dzuwa silifika pansi, udzu sumera, ndipo mvula yamphamvu imakokolola nthaka ya m’mapiri.

Pofuna kubwezeretsa ubale wa anthu ndi mitengo yawo, mu 2004 ku Hokkaido kunayambika ganizo lotchedwa mokuiku, kutanthauza kulera munthu pomuzoloweza mtengo kuyambira ali wamng’ono. Nyumba ya zoseweretsayi ndi imodzi mwa otsogolera ganizoli. Imalimbikitsa makhonsolo kuti mwana akabadwa azimupatsa choseweretsa chosemedwa ndi amisiri a m’dzikomo kuchokera ku mitengo ya m’dzikomo. Khonsolo ya Shinjuku, imene ilibe nkhalango, imapereka zoseweretsa zopangidwa ku Ina, m’chigawo chamapiri cha Nagano. Motero kalipentala amapeza ntchito, mwini nkhalango amapeza msika, ndipo khanda limakula likudziwa fungo la mtengo. Zoseweretsa pazokha sizingathe mitengo yambiri, koma pamodzi ndi njira zina zinthu zinasintha, moti mu 2020 matabwa a m’dzikomo anapitirira magawo 40 pa 100 alionse. Nyumba zina zonga imeneyi zatsegulidwanso kumadera ena, monga ku Okinawa mu 2013 ndi ku Akita mu 2018, ndipo iliyonse imagwiritsa ntchito mitengo ya kwawo.

Bamboyo analingalira za mapiri a kwawo amene akumetedwa ndi makala ndi nkhuni. Vuto la kumeneko ndi losiyana ndi la ku Japan: uku mitengo ikusowa, uko yachuluka osasamalidwa. Komabe anaona kuti muzu wake ndi umodzi. Munthu sasamala chinthu chimene sanachikonde, ndipo chikondi chotere chimayamba paubwana. Paja akuluakulu anati m’mera m’poyamba.

Gudumu litaguluka

Ali m’maganizo choncho anamva kaphokoso kakuti thyo! Atacheuka anaona mwana wake wamwamuna atagwira kagalimoto kamtengo m’dzanja limodzi, gudumu lake m’dzanja lina. Mtima wa bamboyo unapita patali. Anaganiza za ndalama zolipira, anaganiza za manyazi, anaganizanso za maso a anthu onse amene anali m’chipindamo. Mawu aja anafika kale pamlomo: “Ndinakuuza chiyani ine?” Mwanayo anagwetsa nkhope, milomo ikunjenjemera.

Nthawi yomweyo panafika agogo ena aamuna a imvi mbuu, atavala epuloni yofiira. Anakhala pansi mpaka maso awo analingana ndi a mwanayo, nalandira galimoto ndi gudumu lija, n’kulankhula mofatsa m’Chijapani. Bamboyo anayesa kupepesa m’Chingerezi koma sanamvane. Apa ndi pamene mtsikana uja, amene anakhala chete tsiku lonse, anasendera pafupi. Anawayankha agogowo m’chilankhulo chawo, mosadodoma, ndipo iwo anaseka namuwombera m’manja.

“Ababa, akuti musadandaule,” anatero mtsikanayo. “Akuti galimotoyi yayenda ndi ana ambiri, ndiye yatopa. Aikonza. Akuti choseweretsa chosathyoka ndi chimene palibe akuchiseweretsa.”

Bamboyo anamuyang’ana mwana wake ngati mlendo. Sankadziwa kuti amalankhula Chijapani chotero. Kwa miyezi yonseyo mtsikanayo ankalimbana yekha ndi chilankhulo chatsopano, zilembo zatsopano ndi anzake atsopano, mpaka anapambana, koma bambo ake osadziwa kanthu chifukwa zimene ankalankhula naye zinali zomuletsa zokhazokha.

Kudzera mwa mtsikanayo agogowo anafotokozanso kuti ku Japan kuli anthu otchedwa madokotala a zidole. Ameneŵa ndi odzipereka amene amakumana masiku ena m’malo osiyanasiyana kukonza zoseweretsa zowonongeka, kawirikawiri mosalipiritsa. Mwana amabweretsa chidole chake ngati wodwala, amaonerera chikutsegulidwa, ndipo amaphunzira kuti chinthu chikawonongeka mathero ake si kudzala.

Nguli

Agogowo anawakodola kuti awatsatire kuchipinda cha masewera akale. Kumeneko kunali kendama, kamtengo kokhala ndi tizikho titatu ndi nsonga, komwe munthu amawakhira mpira womangidwa pachingwe. Kunalinso timatumba ta nsalu todzaza ndi nyemba toponya m’mwamba. Koma maso a bamboyo anagwera pachinthu china chimene chinali m’dengu pakona.

“Nguli!” anafuula, kuiwala lamulo lake lomwe loti osakweza mawu.

Mtsikanayo anafa nacho chiseko. “Ababa, kunotu nguli amati koma.”

“Koma chiyani?”

“Koma basi. Dzina lake ndi lomwelo.”

Agogo aja anakulunga chingwe mozungulira nguliyo kuyambira kunsonga, naiponya pansi mwachangu, ndipo inaima njo ikuzungulira. Kenaka anapereka chingwecho kwa bamboyo. Iye anakana kaye ponena kuti ndi masewera a ana, koma agogowo sanabweze dzanja. Anaponya koyamba, nguli inagubuduzika n’kulowa pansi pa benchi. Anaponya kachiwiri, chingwe chinamukola zala. Ana ake ankaseka mpaka misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba kusekedwako sikunamupweteke. Ulendo wachisanu nguli inaima. Mnyamata uja anagona chafufumimba pansi kuiyang’anitsitsa mpaka inayamba kudzandira n’kugwa.

Manja a bamboyo anali atakumbukira zimene mutu unaiwala. Anauza mwana wake kuti awafotokozere agogowo kuti kwawo nguli amasema okha kuchokera ku nthambi youma, ndipo saiponya kamodzi n’kuisiya, koma amaikwapula ndi luzi lomangirira kukamtengo kuti isagwe. Agogowo anavomera ndi mutu, nanena kuti ku Japan nakonso nguli zokwapula ziliko. Amuna awiriwo, obadwira kutali ndi kutali, anakhala pansi m’kalasi yakale akuyerekeza ndi manja m’mene aliyense ankachitira ali mnyamata, mtsikana wa zaka 9 akuwamasulira.

“Ababa, inunso munkasewera?” anafunsa mnyamatayo.

Funsolo linamulasa. Iye amene ankaumba ng’ombe zadothi kudambo, amene ankapinda magalimoto a mawaya mpaka anyamata a mudzi wonse kumamutsata, amene ankamanga mpira wa chikulunga wosamasuka msanga, anali asanawauzepo ana ake chilichonse cha zimenezi. Ankaziona ngati zinthu za umphawi zimene munthu wophunzira amazisiya m’mbuyo.

Bokosi lokhoma

Pobwerera, mnyamata anagona tulo pamiyendo ya bambo ake, m’manja atafumbata kachidole ka kapu ya pepala kamene anapanga yekha. Mtsikana ndiye anamasuka pakamwa. Anafotokoza za mnzake amene amakhala naye pafupi m’kalasi, za m’mene ana asukulu amagawirana okha chakudya cha masana ndi kusesa okha makalasi awo, ndi za tsiku limene analira kuseri kwa chitseko chifukwa chosamva zimene aphunzitsi ankanena. Bamboyo anamvetsera osamudula.

Sitima ikuthamanga mumdima, iye anakumbukira bokosi lina la kwawo. Zaka zingapo m’mbuyomo anali m’komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m’mudzi wina wa m’dera lake. Anthu akufuna kwabwino anabweretsa zoseweretsa zapulasitiki za mitundu yowala. Pamsonkhano wa komiti, iye ndiye anaimirira n’kunena kuti katundu wotere ndi wosowa, ana amuwononga, ndi bwino akhomeredwe m’bokosi azitulutsidwa kukabwera alendo. Onse anagwirizana nazo chifukwa wanena ndi mlangizi. Anagula yekha loko. Chichokereni tsiku limenelo ana ankakhala pamkeka akuloweza zilembo, zoseweretsa zili mumdima, zatsopano ngati tsiku limene zinabwera.

Tsopano anaona kuti kulakwa kwake kunali pawiri. Choyamba, anasamala katundu kuposa ana amene katunduyo anabwerera. Chachiwiri, anakhulupirira kuti choseweretsa chenicheni ndi chochokera kutali, chikhalirecho m’mudzimo munali dothi, bango, zitsononkho, zikunje, kalipentala wotaya zidutswa za matabwa tsiku ndi tsiku, ndi okalamba odziwa nthano, bawo ndi nguli amene palibe ankawafunsa kanthu. Nyumba ya ku Yotsuya, ngakhale ili mumzinda wolemera, inaima pa zinthu zitatu zimene midzi yambiri ili nazo kale: nyumba yosagwiritsidwa ntchito, mitengo ya m’deralo, ndi akuluakulu okhala ndi nthawi. Chinthu chachinayi ndicho chinali chosowa, chomwe ndi kumulola mwana kuti agwire.

Atafika kunyumba, ana akusimbira mayi awo mopikisana, bamboyo anayang’ana wotchi. Inali 9 koloko usiku, kutanthauza kuti kwawo inali 2 koloko masana. Anatuluka panja naimbira foni mayi amene amalera ana pasukulu ija.

“Mayi, kodi bokosi lija likadali lokhoma?”

“Likadali lokhoma, alangizi. Palibe chasowa ngakhale chimodzi.”

“Lolemba mukalitsegule. Muwapatse ana zonse.”

Mayiyo anakhala kaye chete. “Nanga zikathyoka tidzayankha chiyani?”

“Zikathyoka ndiye kuti zagwira ntchito yake. Wofunsa mudzamuuze kuti ndanena ndine. Ndiponso mukawapemphe agogo aja a pafupi ndi chitsime kuti tsiku lina adzabwere ndi mpeni wawo, adzawasemere anawo nguli.”

Atalowanso m’nyumba anapeza mnyamata akulimbana ndi tulo, akudikira. Bamboyo anatsegula kabati, nachotsa shati lake pawaya wokolekera zovala, n’kuyamba kumuwongola wayayo ndi manja. Mkazi wake anamuyang’ana modabwa koma sananene kanthu. Ana awiriwo anasendera pafupi, ndipo mnyamatayo anatambasula dzanja kuti akhudze wayayo, kenaka anaima, nayang’ana bambo ake.

“Gwira apa,” anatero bamboyo. “Ugwiritse, tiyambe ndi magudumu.”